Envelopu ya Mayi a Shakira

Izi sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga: ndinabisa kalata ya aneba kwa masiku awiri.

Kuno ku Najma, kutali ndi Malawi, timakhala m'fulati ya pansi, yopanda zenera, moti zovala za mwana ndimayanika pamipando. Pamwamba pathu pamakhala mayi a Shakira, a ku Mangochi, ndipo iwo ali ndi kakhonde. Ndikaona zovala zawo zikuuma padzuwa, mtima umandiwawa ngati khondelo anachita kundilanda.

Lolemba lina ejenti wa nyumbayi anandipeza pamasitepe n'kundipatsa envelopu yoti ndikapatse mayi a Shakira. Anati akapanda kusaina kontirakiti yatsopano pofika Lachinayi, khalasi, ndiye kuti zatha basi, fulatiyo aipereka kwa wina. Winayo ndinamudziwa nthawi yomweyo: ineyo. Envelopuyo ndinaiponya m'chikwama cha matewera, m'mutu nditayamba kale kumanga chingwe choyanikira pakhonde la eni.

Lachitatu mayiwo anatsika ndi mandasi. "Achemwali, mwanayu akutsokomolabe? Muzibwera naye kwathu aziwothera dzuwa, muno mulibe mpweya." Chikwama chija chinali pamiyendo panga penipeni. Ndinatulutsa envelopuyo, itanyowa ndi mkaka, n'kunama kuti ejenti wangoisiya kumene. Anayang'ana banga la mkakalo kanthawi.

Anasaina tsiku lomwelo. Pano akuuza Amalawi onse a m'dera lino kuti ndinawapulumutsa, ine n'kumangomwetulira ngati munthu wabwino. Ndinabweza, inde, koma kodi zikukwanira? Ndiwauze zoona, kapena ndingokhala chete poti mwina akudziwa kale?