Bambo wankhanza wa m'filimu ya mpingo

Fakitale ya feteleza itatichotsa ntchito, ndinayamba kukonza njinga pakhomo. Zinthu za boma zinkagulitsidwa, ndipo nyumba zoonetsera mavidiyo zinali zitadzaza m'komboni. Anyamata a mpingo wathu anabwereka kamera ku Lusaka. Ankafuna kupanga filimu yoletsa kuchotsa mimba.

Anandisankha kukhala bambo wankhanza. Ati nkhope yanga inali yokonzeka kale.

"Ba tate, simuzakamba vambiri," anatero mnyamata wa kamera. "Muzangomuthamangitsa chabe."

Mwana wanga wa m'filimu anali mtsikana wa kwaya, wa ku Shimabala. Ankamumangira pilo m'chitenge kuti aoneke wapakati. Tinkajambula ku Chanyanya, pafupi ndi mabwato. Asodzi atatsitsa nsomba, mtsikanayo anathamangira m'bango kukasanza. Anyamata anati ndi malungo. Ine ndinalera ana aakazi. Ndinadziwa kuti ndi mimba yeniyeni.

Mawu amene anandipatsa anali akuti, "Choka pano, ukachotse chinthu chimenecho." Ndinamuyang'ana. Mantha ake anali enieni, sikunali kusewera. Ndinati, "Khala pansi, mwananga. Mwanayo ndi wa pakhomo pano."

Wa kamera anakwiya. "Ba tate, mwaononga. Filimu yopanda nkhanza izaphunzitsa ndani?"

"Iwe jambula," ndinatero.

Pobwerera, mtsikanayo anandiuza zoona. Anali atapangana kale ndi mayi wina wa mankhwala kuti apiteko Loweruka kukachotsa mimbayo. Ankaopa bambo ake. Ndinamukweza pa njinga mpaka ku Shimabala. Bambo akewo tinawapeza m'dimba la repu. Ndinawauza ndine, mwana ali kumbuyo kwanga. Khasu linali m'manja mwawo. Kenako analiika pansi, natiuza tilowe m'nyumba.

Nkhani itamveka, akulu a mpingo anafuna kumuchotsa m'filimu. Ati wochimwa sangaphunzitse anthu. Namwino wina wa mumpingo mwathu anaimirira. Anati mafilimu otere amangoopseza atsikana, iwo n'kuthawira kwa azimayi a mankhwala, ena n'kufera komweko. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Atandifunsa maganizo anga ndinati, "Mukamuchotsa, nanenso mundichotse. Mukuti mwana asafe, koma mayi ake mukumutaya."

Palibe amene anafuna kujambulanso ndi bambo wina. Filimu inatuluka tili momwemo tonse awiri. Mphepo ya kumtsinje imamveka kuposa mawu athu, koma anthu ankaionera m'matchalitchi ndi m'makomboni, kenako n'kumatsutsana panja. Kaya inasintha angati, sindidziwa. Namwino uja sanasinthe maganizo ake, ndipo mpaka lero timapatsana moni bwinobwino.

Mvula itayamba, mtsikanayo anabereka mwana wamwamuna. Bambo a mtsikanayo anatuma munthu kudzandiitana kuti ndikatche mwanayo dzina. Sindine wachibale. Ntchito imeneyo sapatsa mlendo. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi, ndinapopa matayala, ndinapita.