Kutalika kwa Ng'ona ya ku Mlolo

Izi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Dzanja limene likulembali linaphunzira kugwira pensulo ku sukulu ya kwacha imvi zitamera kale, ndiye mundipirire.

Mng'ono wanga anagwidwa ndi ng'ona pa Shire tikuchokera ku dimba lathu ku Mlolo. M'bwato tinalimo awiri. Iye anali kutsogolo akusamba m'manja, ine kumbuyo ndi nkhafi. Kumudzi ndinakanena kuti ng'onayo inali yaitali kuposa bwato, ndipo pa maliro opanda mtembo aja anthu ankandigwira paphewa, n'kumati palibe chimene ndikanachita. Chaka ndi chaka ng'onayo inkakula m'kamwa mwanga, ine osazindikira.

Mng'ono wangayo anasiya mwana mmodzi wamkazi. Mwana wa mwanayo ndi mtsikana amene lero amagwira ntchito mu ofesi ku esiteti ya nzimbe. Iye ndi anzake ali ndi masewera awo a pa tebulo. Amayala pepala lalikulu lojambulidwa timabokosi, mmodzi n'kumasimba nkhani ya zilombo ndi amatsenga, enawo aliyense ali ndi kachidole komuimira m'nkhanimo. Akafuna kumenya chilombo amaponya dayisi. Tizidole tawo n'tapulasitiki tochokera kunja, ndipo tinali tosakwanira. Podziwa kuti ndimasema mipini ndi zipande, anabwera kudzandipempha.

"Agogo, mundisemere anthu, bwato ndi ng'ona. Koma pali lamulo. Munthu wamkulu atalike chonchi." Anandionetsa chala chake chachikulu, kuyambira pa mfundo kufika kunsonga ya chikhadabo. "Zina zonse muziyezera pa munthuyo. Mukakulitsa mbuzi isanduka ng'ombe, nkhani yonse yaonongeka."

"Ndiye anthu a malipiro anu mukuseweretsabe zidole?"

"Inu bawo munasiya liti?"

Anandiuzanso kuti kabokosi kamodzi ndi malo oima munthu mmodzi. Wa mpeni amamenya chimene chili m'kabokosi koyandikana naye, wa mkondo wautali amafika m'kabokosi kachiwiri.

Anthu anandivuta kusema, makamaka manja. Ng'ona sinandivute. Mpeni unkangoyenda wokha pa chidutswa cha mbawa.

Atabweranso tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, kunja kukutentha ngati mwa masiku onse. Anayala pepala lake n'kuimikapo tianthu tanga.

"Takhuta, agogo," anathokoza m'Chisena cha kwa bambo ake. Kenaka anatola ng'ona n'kuyamba kuseka. Anagoneka tianthu m'mbali mwake, mutu wa aka kumapazi a kanzake, mpaka tinakwana tisanu ndi kamodzi.

"Iyi si ng'ona, ndi basi ya ku Nsanje. Ng'ona yaikulu ndithu ndi anthu awiri ogona, mwina ndi theka."

"Ine ndinaiona."

Anasiya kuseka. "Ndi ija inatenga agogo anga?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Basi, muisiye choncho. Yotereyi angalimbane nayo ndani? M'masewera tizingoti aliyense athawe."

Anasiya pepala lija, nati adzatenga zonse ndikazipaka utoto.

Atapita ndinaika bwato papepalapo. Bwatolo ndinali nditalisema bwino, lotalika anthu atatu ogona, monga linalili lathu. Ndinakhazika kamunthu kamodzi kutsogolo, kena kumbuyo. Nditayandikiza ng'ona, inapitirira bwato kawiri. Ndinaiyang'ana mpaka nkhuku zinayamba kulowa m'khola.

Maso anga anali asanaiwale, kamwa lokha ndi limene linkawonjezera. Mutu wa ng'ona ija unali kutsogolo kwa bwato, pamene inagwira mkono wa mng'ono wanga. Mchira wake unkamenya madzi pakati pa bwato, n'kumandinyowetsa maondo. Kuchokera kutsogolo kufika pakati ndi munthu mmodzi ndi theka. Ng'ona zotere asodzi a kwathu amazimenya m'maso ndi nkhafi, zina n'kutaya chimene zagwira. Aliyense wokulira m'mbali mwa Shire amadziwa zimenezi, ndipo mng'ono wanga ankazidziwa. Dzanja lake linalo linali litagwira m'mphepete mwa bwato.

"Akulu, m'maso. Menyani m'maso."

Sanakuwe. Anazinena ngati munthu wopempha mchere.

Papepalapo, pakati pa kamunthu ka kumbuyo ndi ka kutsogolo panali kabokosi kamodzi kopanda kanthu. Ndikanangosendera pang'ono, nkhafi ikanafika. Nkhafiyo inali m'manja mwanga. Ndinapalasa nayo pothawa.

Mtsikana uja anakula akumva za ng'ona yoposa bwato. Mayi ake anamva kwa ine, iye anamva kwa mayi ake. Tsopano ankafuna kukaiika pa tebulo pamaso pa anzake, n'kuwauza kuti aliyense athawe.

M'mawa mwake ndinanola mpeni pamwala. Ndinadula ng'ona ija, ndipo pa chidutswa cha kumchira ndinasemapo ina, yotalika kamunthu kamodzi ndi theka. Ndinasemanso kankhafi n'kukamata m'manja mwa kamunthu ka kumbuyo. Kenaka ndinabwereka foni kwa aneba, n'kumuuza mtsikanayo kuti akadzabwera adzabwere ndi mayi ake.