Tidakwirira Teklado ya Abambo m'Munda wa Mbatatesi

Kwathu ku Tsangano, m'chigawo cha Tete, nkhungu imadzuka anthu asanadzuke. Imakwera kuchokera kudambo, n'kuphimba minda ya mbatatesi ndi mitengo ya mapichesi, moti ng'ombe umayamba kuimva fungo usanaione. Ubwana wanga wonse ndimaukumbukira uli m'kati mwa nkhungu imeneyo, ndipo penapake chapatali abambo akuimba ng'oma.

Dzina lawo adali a Fulujensiyo, koma dera lonse linkawatchula a Bateriya, kutanthauza ng'oma zachizungu. Adayamba ndi kumenya zitini akuweta ng'ombe. Atakula adakagwira ntchito mumzinda wa Tete, kumene adakaona ng'oma zoimba ndi manja ndi mapazi omwe, ndipo pobwera adadzipangira zawo ndi chikopa cha ng'ombe, chopalasira cha njinga, ndi chivundikiro cha poto wa amayi, chimene amayi adachidandaula mpaka kukalamba. Adanyengerera aphunzitsi athu oimba gitala ndi anyamata ena awiri, nayambitsa gulu loimba, konjuntu m'kunena kwathu. Nyimbo zake zidali zaphokoso zija amati roko, koma m'Chichewa chathu chomwechi. Akuluakulu a mpingo ankati ndi misala. Achinyamata ankayenda wapansi kuchokera ku Ntengo-Wambalame kudzavina misalayo! Nyengo ya fodya ankakweza zonse pangolo, ulendo ku Chidzolomondo, n'kubwerako patatha sabata mawu atasasa.

Koma chimene abambo ankachikonda kuposa zonse chidali teklado, limba laling'ono loyendera mabatire, limene adasinthanitsa ndi ng'ombe yathu yamkaka. Dzanja lamanja linkayenda pa teklado, lamanzere likumenya ng'oma, phazi likuponda, mutu uli chagada, maso ali tsinzi. Kwa ine mawu ake ankamveka ngati madzi akudontha mumtsuko wopanda kanthu. Ndikagona masana pamkeka ndinkalota mawuwo akuyenda m'mizere ya mbatatesi.

Kenaka kudabwera nkhondo. Poyamba idali mphekesera, pambuyo pake tidayamba kuona utsi kuseri kwa phiri. Phokoso lidasanduka mlandu, ngakhale tambala tinkamuyang'ana ndi diso loipa. Aphunzitsi a gitala aja adatengedwa ndi anthu amfuti, osabwereranso. Abambo adatsala n'kumaimba ndi zala zokha, pamawondo pawo, pathumba la nyemba, nthawi zina pamutu panga.

Tsiku lothawira ku Malawi litayandikira, adandidzutsa m'mawa nkhungu ili mbuu. Adali atachotsa mabatire mu teklado, n'kuikulunga m'matumba a feteleza. Ndidawaona akutenga mpeni n'kudula chikopa cha ng'oma yawo yaikulu kuti akulungire pamwamba. Zonse adaika m'bokosi lachitsulo, namata m'mbali ndi phula, ife ulendo kumunda.

"Chizindikiro sitiika," adatero. "Mwala amaugubuduza, mzere amaugalauza, mtengo amaudula. Koma mwana saiwala nyimbo. Iwe Lusiya, tsamira thanthwe ili, uyang'ane nsonga ya phiri ilo, uziyenda ukuimba ya mbatatesi ija. Kugunda kumodzi, phazi limodzi."

Idali kanyimbo kawo koseka mlimi waulesi. Ndidayenda ndikuimba, mame akundinyowetsa miyendo, ndipo pamene nyimbo idathera ndi pamene adakumba. Adandibwereza katatu, katatu konse ndidaima pamalo omwewo. Ndidali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndidadziona ngati munthu wamkulu kwambiri m'boma lonse la Tsangano.

Ku Malawi tidakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Mng'ono wanga Rozinya adawoloka malire ali kumsana kwa amayi, nakulira kumsasa wa othawa nkhondo. Abambo adajambula teklado ndi makala pathabwa, ndipo masana ankakhala pamthunzi n'kumayendetsa zala pathabwapo, nkhope ili mwee. Anthu ankati a Bateriya mutu wasokonekera. Ine ndinkakhala pambali pawo, ndipo kunena zoona ndinkaimva nyimboyo. Nthawi zina ankandigogoda pachipumi n'kufunsa, "Ikadalimo?" Ine n'kuimba. Kumeneko n'kumenenso chifuwa chidawagwira, osawasiyanso.

Mfuti zitaleka tidabwerera. Nyumba tidaipeza yopanda denga, munda uli thengo, koma thanthwe lidali pomwepo. Vuto lidali lakuti nthaka idali itabisa zinthu zina zimene eni minda sadakwirire, mabomba a nkhondo. Mwezi womwewo bambo wina wa mudzi woyandikana nafe adasiya mwendo m'munda mwake momwe. Choncho khasu lililonse tinkaliponya mtima uli m'mwamba.

Ndidatsamira thanthwe, n'kuyang'ana phiri, n'kuyenda ndikuimba. Pothera nyimbo ine ndi amayi tidakumba, poti abambo khasu silinkathekanso. Tidafika m'chiuno, palibe. Mawa lake tidakumba chakumanja, kenaka chakumanzere, kenaka kutsogolo. Maenje anayi, dothi lokhalokha.

"Wasiya ndime ina, mwanawe," adatero abambo, osandiyang'ana.

Mawu amenewo adandipweteka kuposa njala ya kumsasa. Zaka zonsezo ndidasunga chinthu chimodzi chokha, lero ati ndachitaya? Ndidalira ngati kamwana, chikhalirecho ndidali namwali wa zaka khumi ndi zisanu.

Amayi adaponya khasu pansi. "Bambo a Lusiya, tidapulumuka mfuti kuti tidzafere limba? Mawa ndi dzenje lotsiriza. Likakanika, tibzalepo mbatatesi, nkhani ithe."

M'mawa mwake nkhungu idali yochindikala kuposa masiku onse, phiri likungooneka nsonga. Abambo adakhala pathanthwe atafunda bulangeti. Ndidayamba kuyenda ndikuimba. Ndiye Rozinya, kamwana kachipongwe kamene kadayamwira nyimboyo pamodzi ndi bere, kadayamba kundinyogodola, kakuguba m'mbuyo mwanga, kakuimba mokweza m'mphuno. Tidamaliza pamodzi. Nditacheuka kuti ndikakalipire, ndidakaona kataima kutali ndithu m'mbuyo, kakungooneka mbuu m'nkhungu.

Abambo adayang'ana ine, nayang'ana Rozinya, kenaka adayamba kuseka. Adaseka mpaka chifuwa chidawapinda pakati, misozi ili chuchuchu.

"A Nangozo!" adaitana amayi ndi dzina la mfunda wawo. "Taonani miyendo ya mwana wanuyo! Tidakwirira ndi miyendo ya kamwana, tikufukula ndi miyendo ya namwali!"

Woimba ng'oma wodziwika dera lonse, wosaphonya kugunda ngakhale kumodzi, adali ataiwala kuti mwana amakula. Rozinya adali ndi zaka zisanu ndi zitatu ndendende. Tidamuimika pathanthwe, nayenda bwinobwino tsopano, atakweza mphuno ngati mkazi wa bwanamkubwa. Pamene adaima tidakumba, ndipo tisanafike m'mawondo khasu la amayi lidati gwe! pachitsulo.

Fungo limene lidatuluka m'bokosimo ndikulimvabe, fungo la chikopa chakale, phula ndi dothi lonyowa. Mabatire tidabwereka a muwailesi ya anansi, n'kuwayanika kaye padzuwa kuti apezeko mphamvu. Abambo adagwada pambali pa dzenje pomwepo, teklado ili pabokosi. Mabatani asanu kapena asanu ndi limodzi adali atafa. Iwo sadadandaule. Nyimbo ikafika pa batani lakufa ankagogoda bokosi ndi chala, go, n'kupitiriza, moti ukadati adaipeka choncho. Anthu adayamba kutulukira m'minda yoyandikana, makasu ali paphewa, n'kuima kumvetsera. Mkazi wamasiye wa aphunzitsi a gitala adavina yekhayekha pakati pa maenje athu, akulira. Amayi, amene dzulo lake ankati limba ndi la chiyani, ndidawaona phazi likugunda pansi.

Chilimwe chimenecho abambo adaimba pa maukwati awiri ndi pa ubatizo umodzi, atakhala pampando. Mbatatesi zimene tidabzala pa maenje aja sadazidye.

Lero mwana wanga wotsiriza ali ndi limba m'foni, ng'oma ndi magitala zili momwemo, amangokhudza ndi chala. Akaona teklado ya agogo ake pamwamba pa kabati, yosalira ngakhale batani limodzi, amandifunsa chimene ndimasungira chinyalala. Adzakula. Munda uja ndimalima ndine, ndipo m'mawa wina nkhungu ikachuluka ndimasiya khasu, n'kukatsamira thanthwe, n'kuyang'ana phiri. Ndimayenda ndikuimba chamumtima, mayi wamkulu ndithu wa imvi zake, ndikufupikitsa mapazi dala, kuti nyimbo ikathere pamene abambo adagwada.