Batala wa Asibweni

"Lachiwiri, Julayi. Sindinapite kusukulu. Ndimakupiza moto wa asibweni." Mawu amenewa ali kumapeto kwa kabuku kanga ka samu, kumene ndinkalemba zimene pakamwa panga pankalephera kunena. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Kande, adada ali kuntchito ku Halale. Zolemba za pensulozo zinafufutika, koma tsamba limenelo lili ndi dontho la mafuta lomwe silinachoke.

Nyengo ya mwera imeneyo mng'ono wanga, mtsikana wa zaka zinayi, anadwala chikuku. Zilonda zinauma, thupi linazizira, koma kudya anakana. Amama anamubereka mpaka kuchipatala cha mishoni, ndipo kumeneko anawauza kuti matenda apita, chatsala ndi chakudya. Akapanda kudya sadzuka. Anayesa phala, anayesa msuzi wa usipa ndi nthochi yofinya. Mwana ankangotembenukira kukhoma. Mikono yake inaonda ngati mitengo ya chinangwa, kulira komwe anasiya.

Asibweni, mlongo wawo wa amama, anali atangobwera kumene kuchokera kumigodi. Zina zimene anabwera nazo anagawa, koma waya wolukanalukana wowotcherapo nyama sanalole munthu kuukhudza. Lachiwiri limenelo anatulukira masana ali ndi batala awiri, nsomba zamafuta zija. Bwalo lathu linali lalikulu, koma iwo anasonkha moto pafupi ndi khomo la nyumba imene munagona wodwala, mbali yochokera mphepo. Anadikira mpaka malawi atatha, makala atachita phulusa pamwamba. Anang'amba nsomba kumsana, kuthira mchere ndi mandimu, n'kuyala pawaya. Atatero anandipatsa lichero.

"Kupiza, mwana wa mlongo wanga. Osati kuno, cha uko."

Cha ukoko kunali kukhomo. Mafuta ankadonthera pamakala, khungu likuthetheka, utsi wonse n'kumalowa m'nyumba. Amama anatuluka akutsokomola.

"Alongo, mtima munausiya kumgodi? Mwana ali gone, inu mukudzisangalatsa pakhomo pake!"

"Nanga tife tonse ndi njala?" anatero asibweni. Kenako anakweza mawu ngati akulankhula ndi munthu wa kutsidya kwa mtsinje. "Ameneyu ngwa akuluakulu okha. Ana sadya batala wowotcha."

Anadya onse awiri ndi kondowole wadzulo, akunyambita zala mokweza. Ine anandipatsa mchira. Ndinaudya ndikuchita manyazi chifukwa unali wokoma kuposa chilichonse chimene ndinalawapo, pamene mng'ono wanga anali kuseri kwa khoma. M'kabuku ndinalemba kuti, "Asibweni alibe chisoni. Mulungu andikhululukire polemba izi." Lero ndikawerenga ndimafuna kumugwira paphewa mtsikana ameneyo. Anali wosamala kwambiri polemba, koma poona anafulumira.

Lachitatu anachitanso chimodzimodzi, amama osawayankha n'komwe moni. Lachinayi mwera unakula, mabwato ambiri sanalowe m'nyanja, komabe asibweni anabwera ndi batala mmodzi, zovala zitanyowa mpaka m'chifuwa. Ndinakupiza mpaka mkono kuwawa. Akutembenuza nsomba kachiwiri, m'nyumba munamveka kamawu kosasa.

"Inenso."

Lichero linagwa m'manja mwanga. Amama, amene ankasenda chinangwa pakhonde, anaima mpeni uli m'manja. Asibweni sanacheuke.

"Ndani ameneyo? Watsala wochepa uyu."

"Inenso, asibweni."

Anatsina kachidutswa ka pamimba, kochepa ngati chala, n'kukafufuza minga kawiri, kukauzira, n'kundipatsa kuti ndikapereke. Mng'ono wanga anatafuna nthawi yaitali, maso ali chitsinzire. Anameza. Kenako anatambasula dzanja. Amama anafuna kunyamula nsomba yonse, koma asibweni anawatchinga.

"Zitatu zokha lero. Mimba yake yaiwala ntchito. Akamufuna, mawa atuluke yekha adzakhale pano."

Amama anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kuyamba kuseka kwinaku akuwatukwana kuti ndi munthu woipa kuyambira ali mwana.

Mng'ono wanga tsopano ali ndi zidzukulu, ndipo za masiku amenewo sakumbukira kanthu. Amene anatsala ndi fungo lija ndine. Kwathu pakakhala chikondwerero, kaya ndi mbuzi, kaya nkhuku, kaya nsomba, akamwini anga amadziwa kuti pamakala sayandikirapo. Amandiseka kuti mayi wamkulu, wa mvano, amalimbirana waya ndi amuna. Ndimawaleka aseke. Ine mtima wanga umakhala pansi ndikamva mafuta akulira pamoto.

Lachinayi lija nsomba yotsalayo asibweni sanaidye. Anakhala pambali pa makala, chipewa atachitsitsira kumaso, mapewa akugwedezeka pang'ono. Ndinawayang'ana mozemba, ndipo dzuwa lisanapendeke ndinakalemba kuseri kwa nyumba kuti: "Wadya zidutswa zitatu. Utsi wawalowa asibweni m'maso, misozi mpaka m'chibwano. Ndine ndinakupiza molakwika. Mawa ndidzalimba mtima, ndidzawapepese."