Ng'oma ya Atate pa Ulendo wa ku Kabwe

Chisoti chija chinali chofiira, choluka ndi ulusi umene amai anamasula ku juzi ya salaula, zovala zakale zija zogula pa msika. Chinkayabwa pamphumi, chinkanunkha palafini, koma ndinachivala sabata yonse chifukwa atate anali atalonjeza kunditenga ku Kabwe kukaonera timu yathu.

Inali nyengo yozizira, chaka chimene fakitale imene atate ankagwirako ntchito inagulitsidwa. Ntchito itatha, amuna a m'komboni yathu ya George anangoti mbwee, opanda kopita. Atate nawo anafota, mawu anachepa. Koma Loweruka ankakhalanso munthu. Iwo ndiwo ankaimba ng'oma ya masapota a timu ya fakitale, ndipo akalowa m'bwalo anthu ankaimirira n'kumawaitana dzina.

Eni atsopano anali atalanda basi ya kampani, choncho masapota anapeza lole yonyamula simenti. Tinapanikizana ngati matumba. Fumbi linkalowa m'mano, mphepo ikudula makutu. Ndinali ndi zaka khumi, mtsikana ndekha pakati pa amuna. Titafika cha ku Chisamba miyendo inachita dzanzi, ndipo amalume, mlongo wawo wa amai, anandinyamula n'kundikhazika pa ng'oma. Ndikunena pamaso pa Mulungu, anandikhazika ndi manja awo. Onse anaona. Palibe analetsa, ankangoimba.

Ku Kabwe zinthu zinavuta. Hafu yoyamba isanathe tinali titamwetsedwa zigoli zitatu. Golokipa wathu ankanunkha kachasu mpaka kumene tinakhala. Pa nthawi yopuma acheyamani a masapota, bambo wonenepa wa wezulo pakhosi, anagogoda ng'oma n'kunena kuti yafa, alipo waidetsa. Wina analoza ine.

"Mwana mukazi kunkala pa ng'oma?" anakuwa acheyamani, maso ali pa atate. "Ba mudala, mwatipaya!" Ankatanthauza kuti atate aipha timu.

Kani anali ndi mwambo wawo: ng'oma inkapita kwa sing'anga mpira usanachitike, ndipo munthu wamkazi saikhudza. Nanga ine anandiuza ndani? Ndinayang'ana amalume kuti alankhule. Iwo anatembenuka, n'kuyamba kusenda nzimbe.

Lero ndine mai wa ana asanu, sindijomba ku mapemphero a Lachinai, ndakhululukira anthu ambiri. Koma ndikakumbuka msana wa amalume uja, mtima umandiwirabe. Ambuye andithandize. Amuna a ndevu zawo, lole yodzaza, kusenzetsa mwana zigoli zitatu! Woledzera uja pagolo osamuona, osewera amene anabwera ndi njala osawaona, kuona kamtsikana ka miyendo yotuwa.

Acheyamani analamula kuti ine ndikadikire kunja kwa geti mpaka mpira uthe, atate atsale aziimba. "Ngati simufuna, siyani tumitengo. Ng'oma ni ya timu, si yanu."

Kunja kwa geti kunali anyamata oledzera amene analephera kulowa, akuponyerana mabotolo. Atate anayang'ana uko, anayang'ana ine. Kenaka anaika timitengo toimbira pamwamba pa ng'oma, bwinobwino, ngati akugoneka khanda, n'kundigwira dzanja. Tikutsika, wina anaponya chitsononkho, chinawamenya kumbuyo kwa khosi. Anali munthu amene anagwira naye ntchito pa makina amodzi, amene ankadya kwathu. Atate sanacheuke.

Tinabwerera pa lole ya makala dzuwa likadalipo. Anandigulira vitumbuwa viwiri vamoto, n'kundifunditsa jekete yawo. Ndisaname, ine ndinakondwa. Ndinati ulendo watha bwino, atate ndili nawo ndekha. Mulungu awadalitse kumene akugona, sindinawathokoze.

Amai atamva, anathamangitsa amalume pakhomo ndi tsache. Koma acheyamani sanabwere kudzapepesa, ndipo atate sanapite kukachonderera. Loweruka lotsatira masapota anadutsa pa msewu wathu, wina akuimba ng'oma ija mopotoza. Palibe anaitana dzina la atate. Iwo anali pakhomo akukhoma nsapato yosang'ambika.

Masana a Loweruka lililonse ndinkati, "Atate, yatsani wailesi timveko bola." Ankayankha kuti, "Mabatili yasila, mama." Ine ndinkawachotsa, n'kukwera pa dilamu kukawayanika pa malata kuti dzuwa liwapatse mphamvu. Ndinkabwera nawo akutentha m'manja, atate n'kunena kuti tidikire mawa. Mawa lake wailesi inkalira bwinobwino nyimbo za kutchalitchi, ine n'kumadabwa kuti mabatili a kwathu ndi otani, otha Loweruka lokhalokha.