Chiliza cha Mlongo Wanga

Yohane, mwana wa malemu mlongo wanga, atabwera kuchokera ku Joni anandipempha chinthu chimodzi.

"Amalume, mukandionetse pamene anagona amayi. Simenti ndagula kale."

Amayi akewo anamwalira iye ali kunja. Ine pamaliro ndinalipo, koma kumanda sindinalowe. Ine ndi mlongo wangayo tinali titayambana pa nkhani ya dimba, ndiye tsiku loika ndinangoima kumsewu, manja m'thumba, ngati munthu wodikira minibasi ya ku Dowa. Zimenezi Yohane sankazidziwa.

Titafika kumanda tinapeza mitumbira iwiri yoyandikana, yonse itaphwa ndi mvula, mitanda itadyedwa ndi chiswe. Mwezi womwe anaika mlongo wanga uja, anaikanso mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje. Yohane anandiyang'ana. Ndinaloza wa kumanja, chifukwa unali pamthunzi wa msuku.

"Ndi pano," ndinatero, mpaka kuvula chipewa.

Yohane anagwada n'kulira. Sabata yomweyo anamanga chiliza, n'kulemba ndi msomali dzina la amayi ake pa simenti yaiwisi.

Chilimwe chathachi mudzi wonse unapita kukalambula kumanda, ana a mayi wa kutsidya uja ali pomwepo. Wamkulu anaima nthawi yaitali pa chilizacho, kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo, kodi amayi athu sitinawaike pansi pa mtengo uwu?"

"Mitengo imafanana, mwanangu," ndinayankha.

Anavomera mwaulemu, n'kupita kukapalira mtumbira wa kumanzere.