Tadala wavina ku yunivesite

Mwaswera bwanji nonse?

Tangofika kumene kuchokera ku yunivesite, kunali chionetsero cha zaluso cha mabanja, cholowa ulere. Mlonda wapageti anachita kutimwetulira. Mlonda kumwetulira mu Cape Town muno, ndikulumbira.

Paja mukudziwa kuti Tadala wathu chibwerere kuno sakamba zambiri. Anzake ku Khayelitsha amamuseka akamayesa Chixhosa, moti tinagwirizana zomubweza ku Ntcheu chaka chikatha.

Ndiye kuchionetseroko ophunzira ena anayamba kuimba ng'oma, n'kuitana ana kuti alowe m'bwalo. Mwana uja anangovula nsapato, uyo! Anadula chiuno mpaka phiri lalikulu la mu Cape Town muno linakankha mtambo kuti lione bwino. Sindikuwonjezera, ndinaliona ndi maso angawa.

Mayi ake analiza nthungululu, nkhunda zonse zapasukulupo zinasamukira kutali ku dera la Epping. Kenako anathamanga kukamuika kandalama pamphumi monga timachitira kwathu. Mtsikana woyendetsa mwambo anawatsekereza: "Mama, pano salipira!" Iwo amvekere, "Mwanawe, sindikulipira, ndikufupa!" Mayi akewo atalongosola za mwambowu, amayi achixhosa ndi azungu omwe anandanda kukafupa, mphumi ya mwana inachepa.

Mu takisi Tadala walankhula njira yonse mpaka dalaivala anagonja, n'kuzimitsa wailesi. Wapezanso mnzake, Asanda, amene akufuna kuphunzira kavinidweko.

Ine ndangothokoza Mulungu ndi ophunzira aja, mwana wanga ndamumvanso akuseka.

Tsono amalume, azakhali, tithandizeni nzeru, ku Ntcheu apitebe? Mwiniwake akuti iye sapita, ngati tikiti tinagula kale, ndikwere ndine.